Nyimbo Imene Akumudzi Sanaimve

Ku Mangalande ndinakhalako mpaka imvi zinamera, koma mutandiuza kuti ndiyimbe nyimbo za kumeneko, ndingayimbe za m'chimbale chimodzi basi, ndipo si cha Angerezi n'komwe. N'cha anyamata ena a ku Amereka amene ankayimba ine ndisanabadwe. Nkhani yawo inali ya dzuwa, magalimoto, atsikana, ndi kutsetsereka pa mafunde a nyanja yamchere ataima pa thabwa. Zopanda mutu, mungatero, ndipo inenso ndinkatero. Koma chimbalecho ndimachikonda mpaka lero, ngakhale chinatsala pang'ono kumusiya mwana wa mnzanga wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe padziko pano.

Mnzangayo anali Esinati wa ku Chiradzulu. Tinakumana ku Birmingham, m'nyumba ya lendi ku Selly Oak imene tinkagawana ndi ana a yunivesite, iwo m'mwamba ndi phokoso lawo, ife pansi ndi mapoto athu. Tonse awiri tinali anamwino kwathu, koma mapepala athu anali asanavomerezedwe, ndiye tinkagwira ya kheya, kuyenda khomo ndi khomo kusambitsa nkhalamba, kuzidyetsa ndi kuzimwetsa mankhwala. Esinati anali ndi kamwana kobadwira komweko, Tiyamike. Bambo a Tiya anapita ku mzinda wina kukafuna ntchito mwanayo asanayambe kuyenda, ndipo ndikhulupirira kuti akufunabe.

Nkhalamba zathu zambiri zinali ku Tipton, kutali ndi kumene tinkagona. Pa basi zinkativuta. Ukachedwa kwa agogo awa chifukwa akulavula mapiritsi, basi yakusiya, ndipo agogo enawo akukudikira atanyowa pabedi. Choncho tinasonkherana n'kugula kagalimoto kakalekale kwa bambo wina wokhala m'mbali mwa ngalande. Kanali kotuwa, kotsokomola m'mawa, koma kankayenda. Matenda ake aakulu anali wailesi. M'kati mwake munali sidi imene inakana kutuluka. Tinaitokosa ndi foloko, tinayesa mpeni wa buledi, Esinati anaisanjika manja mwanthabwala, koma ayi ndithu. Batani lozimitsira linali lakufa. Ukangopotokola kiyi, anyamata aja ayamba. Dzina lawo sitinkalidziwa popeza chikuto panalibe, ndiye tinkangowatchula kuti anyamata athu.

Ine ndinadana nawo tsiku loyamba lomwelo. Tangoganizani, kunja kukuzizira moti zala sizikupindika, kumwamba kwatuwa ngati phulusa, wipa imodzi yafa, ndiye wina akukuimbira mosangalala za mchenga wotentha. Birmingham ili pakati penipeni pa dziko, nyanja kulibe. Madzi amene tinkawaona anali a m'ngalande za ku Tipton, akuda bii, matrole a m'sitolo atamira momwemo. Ndinkati awa ndi ana okhuta, sanagwirepo thewera la munthu wamkulu.

Esinati ankangoseka. Iye anakulira m'kwaya imene achimwene ake ankayimbitsa, ndipo khutu lake linali lakuthwa.

"Achemwali, vuto lanu mukumvera mawu," anandiuza tsiku lina tili pa maloboti. "Mawuwo asiyeni. Mverani mmene akugawanira. Uyo ali pamwambayo mwamumva? Ndi mwamunatu ameneyo, koma akukwera kumene soprano wa kwathu amachita mantha."

"Ndiye mwamuna wanji wolira ngati wapondedwa?"

"Dikirani. Tsopano mverani apansiwa mmene akumunyamulira. Palibe akupikisana ndi mnzake. Awa ayenera kuti anakulira limodzi, mawu a anthu ongokumana pamsewu salumikizana chonchi."

Ndinamuyankha kuti ayang'ane kutsogolo, loboti yatsegula. Koma kuyambira tsiku limenelo khutu langa linayamba kuchita zakezake. Ndinazindikira kuti nyimbo zawo n'zazifupi, zimatha usanatope nazo, ngati munthu wodziwa kucheza amene amatsazika mukumufunabe. Wang'oma ankathamanga kuposa anzake, iwo n'kumamuthamangira, onse n'kukafika limodzi kumapeto ali wefuwefu. Panali nyimbo zina zopanda mawu, gitala yokhayokha, yolira monyowa ngati akuiyimbira mu mgolo. Panalinso malo amodzi pamene mawu a woyimba amathyoka pang'ono, ndipo sanakonze, anangozisiya choncho. Malo amenewo ndinayamba kumawadikira. Ndiye chakumapeto kunali nyimbo imodzi yapang'onopang'ono. Ng'oma zimatsika, gitala imanong'ona, mawu onse n'kusanjikizana mofewa mpaka sungadziwenso kuti ndi anthu angati. Ikafika imeneyo Esinati ankasiya kulankhula ngakhale tili pakati pa miseche.

Chimene chinandigwira kwenikweni ndinachizindikira mochedwa. Anyamatawa ankayimba ngati anthu amene palibe choipa chinawachitikirapo. Poyamba n'chimene chinkandinyansa, koma kenaka n'chimene ndinayamba kuchifuna.

Ndikukumbukira m'mawa wina ku Tipton. Tinalowa kwa agogo ena aakazi amene tinawasamala nthawi yaitali, amene ankatitchula mayina olakwika koma ankatisungira mabisiketi. Tikuwatembenuza kuti tiwapukute, anapuma kamodzi mwamphamvu n'kutsirizika m'manja mwathu. Tinachita zonse zoyenera, a ambulansi anabwera, mwana wawo anabwera. Tisanavule n'komwe magolovesi, foni ya ku ofesi inalira kuti bambo a kunyumba yotsatira sanadyebe. Kwathu munthu akamwalira khasu limagona, mudzi wonse umaima. Kumeneko umasamba m'manja n'kupitiriza. Tinalowa m'galimoto. Esinati anagwira chiwongolero osaliza injini, misozi ili chuchuchu, ndipo ine ndinkaopa kuti akangoyamba kulira mokweza sitichokapo. Kenaka anapotokola kiyi. Inatulukira nyimbo yawo ina yothamanga kwambiri, ya galimoto yampikisano. Ndinafuna kumenya wailesiyo ndi nsapato. Iye anakweza voliyumu n'kuyamba kuyimba nawo, ndipo tisanafike pa mlatho wa ngalande ndinapezeka kuti nanenso ndikuyimba. Tinakawadyetsa bambo aja phala lawo tikumwetulira.

Tiya anakulira pa mpando wakumbuyo wa galimoto imeneyo. Chichewa ankamva koma ankayankha m'Chingerezi, monga ana onse obadwira uko, ndipo nyimbo za anyamata athu anaziloweza asanaloweze pemphero la chakudya. Atasinkhuka ndi amene anafufuza n'kutiuza dzina lawo, ndi kuti chimbalecho chinali chimodzi mwa zoyambirira, ali achichepere, ndipo pambuyo pake anajambula zina zimene anthu odziwa nyimbo amazitama kwambiri. Anatiyikira zinazo. Esinati anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"N'zokoma," anatero, "koma apa akula, ayamba kuganiza kwambiri. Ndibwezereni anyamata anga osadziwa kanthu aja."

Zaka zinapita. Mapepala athu anadutsa, Esinati analowa ntchito m'chipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ine m'nyumba yosungira okalamba. Zochepa zimene tinkatumiza kumudzi zinafolera nyumba ndi kuphunzitsa ana a abale amene sitinawaonepo. Kagalimoto kaja kanafa, n'kupita kophwanyidwa sidi ili m'mimba. Tiya anaika chimbalecho m'foni ya amayi ake, ndipo Esinati ankachimvera pa basi popita ku shifiti. Zopita ndi mwana kumudzi ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka khansa inamupeza.

Anagonekedwa m'chipatala chomwecho chimene ankagwiramo ntchito. Tsiku lina masana Tiya atatuluka kukagula tiyi, anandigwira dzanja.

"Achemwali, ndikapita mundiike konkuno, pafupi ndi mwana. Koma inu mudzabwerera kwanu, ndikudziwa, mawondo anuwo atha. Mwanayu alibe wina. Bambo ake ndi dzina chabe. Mukamupereke m'manja mwa achimwene, adziwe pakhomo pake."

Ndinamuuza kuti asiye kulankhula zopusa, koma ndinalonjeza. Tiya anali atangoyamba kumene ntchito yake yoyamba, m'famase ina m'tauni. Mtsikana wamkulu ndithu, koma dziko lonse la Mangalande analibemo munthu wamagazi ake kupatula bambo osowa aja. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Malume ake, a Wilisoni, anali mkulu wa mpingo, woyimbitsa kwaya, munthu wosaseka pachabe. Iwo akamulandira, Tiya ali ndi kwawo. Akamukana, ndiye kuti watsala yekha.

Esinati atatisiya, ndine amene ndinawaimbira a Wilisoni. Za imfa analandira mwachikulu, koma nditatchula zoika maliro konko mawu awo anasintha.

"Mlongo wanga agone kwa eni ngati analibe kwawo?"

"Ndi mawu ake, bambo. Anafuna kukhala pafupi ndi mwana."



"Chabwino. Koma inu mayi mukhale maso athu ndi makutu athu. Tsiku limenelo tidzasonkhana pakhomo pano, mutionetse pa foni. Tione zonse, timve zonse."

Pokonza mwambo tinakumana m'nyumba mwa Esinati, amayi a mvano atadzaza pabalaza. Wapampando wathu anali mayi Tembo, namwino wamkulu, munthu wabwino koma wozolowera kuti akalankhula m'wadi aliyense amathamanga. Titamaliza kusankha nyimbo za m'buku, Tiya anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. Ananena m'Chingerezi kuti pamene bokosi likutuluka, amayi ake anafuna kuti paikidwe nyimbo yapang'onopang'ono ija. Anaiyika pa foni kuti amayiwo aimve. 

"Tiya, mwanawe," anatero mayi Tembo, "maliro si birthday party. Mayi ako anali wa mvano. Tikamuperekeze ndi za ku beach?"

"Mum said, Auntie. It's the only thing she asked me."

"Ukamva zoti Mum said, umafunsa akuluakulu kaye. Anthu akumudzi akawonera live. Ukufuna malume ako akanene kuti tinamuvinira?"

Tiya anatembenukira kwa ine. Maso onse anatembenukira kwa ine. Mayi Tembo sankanama. A Wilisoni anali atameza kale chowawa chimodzi, ndipo ndinkaopa kuti chachiwirichi chiwabwezetsa zonse. Koma ndinkadziwanso chimene nyimboyo inali kwa Esinati, ndipo m'chipindamo, kupatula ine ndi Tiya, munalibe wina amene anakhalapo m'galimoto ija. Ndinati nyimboyo iyikidwe, za kumudzi ndidzayankha ndine. Abusa, amene anali Mngerezi, sanaone vuto. Anangopempha kuti pa mwambo foni yojambula ikhale imodzi yokha, ya akumudziyo, kuopa chisokonezo.

Tsiku la maliro amayi a mvano anayimba mpaka mawindo a tchalitchi kunjenjemera. Anamwino anzake achizungu ndi achimwenye anali kukamwa yasa. Koma foni ili m'manja mwanga inkangozungulira, osalumikiza. Netiweki ya kumudzi inali itathawa. Nyimbo yoyamba inadutsa, yachiwiri, ulaliki, mbiri ya malemu, ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu. Inadzalumikiza abusa ali pa pemphero lomaliza, la m'Chingerezi. Pa galasi panaoneka nkhope zothithikana pakhonde, a Wilisoni ali kutsogolo atavala jekete lakuda. Ndinakweza foni kuti aone bokosi. Nthawi yomweyo azibambo a kampani ya maliro anayandikira kuti anyamule, ndipo ndinaona Tiya akudzandira.

"Bweretsani foniyo, inu kagwireni mwanayo," mayi Tembo anandinong'oneza. Ndinawapatsa n'kuthamangira kwa Tiya.

Nyimbo ija inayamba. Sindinaimvepo ikumveka choncho, m'nyumba yaitali denga, popanda injini yosokosa. Mawu a anyamata aja anakwera mmodzimmodzi n'kusanjikizana, wapamwamba uja akuyandama pamwamba pa onse, ndipo bokosi linayenda pang'onopang'ono pakati pa mipando. Amayi a mvano anayamba ataumitsa makosi, koma tisanafike pakhomo ndinamva ena kumbuyo akuiyimba chapansipansi, chifukwa pakamwa pa mayi wa mvano sipatha kukhala chete pamene pali nyimbo yogawana bwino. Ndinalira kwambiri, ndipo mumtima ndinkati a Wilisoni akumva, zikhale mmene zikhalire. Kumanda kunagwa mvula, netiweki inathawanso, ndipo zonse zinatha msanga monga amachitira kumeneko.

Madzulo ake ndinawaimbira a Wilisoni, nditakonzeka kukalipiridwa. Sanayankhe. Mawa lake chimodzimodzi. Tiya anawajambulira moni m'Chichewa chake chopunduka, atachita kuyeserera pamaso panga, ndipo foni inaonetsa kuti amva, koma yankho silinabwere. Masabata anadutsa. Ndinkati ndi gitala ija, ndipo ndinkakonza mawu owapepesera.

Amene ananditsina khutu ndi msuweni wanga wokwatiwa kufupi ndi kwawoko. Anati nkhani ili m'kamwam'kamwa m'mudzi monse kuti Esinati anadzipha.

 Ndinamufunsa kuti bodza limenelo lachokera kuti.

"Iwo akuti anaona ndi maso awo," anatero. "Bokosi linatuluka m'tchalitchi chetechete, popanda nyimbo ndi imodzi yomwe. Chithunzi chinkaoneka bwinobwino, anthu akuyenda, koma kuli zii. Ndiye mukudziwa kwathu kuno amene amatuluka opanda nyimbo."

Ndinkadziwa. Mkhristu satuluka chete. Amene amanyamulidwa popanda nyimbo ndi wodzimangirira kapena wodulidwa mu mpingo. Akumudzi sanamve nyimbo za m'buku zija chifukwa cha netiweki, ndipo chokhacho chimene anaona ndi mlongo wawo akutulutsidwa ngati katundu. Anaphatikiza ndi kukana kwathu kutumiza thupi, n'kupeza yankho lawo. Ankati ife tikubisa, ndipo mwanayo akubisa nafe.

Lamulungu lotsatira ndinawakokera mayi Tembo kuseri kwa holo ya tchalitchi.

"Foni ija munaitani?"

"Ndinaimyuta," anayankha osaphethira. "Ndinaku-savani inuyo. Mukanafuna a elder amve gitala pa maliro a mlongo wawo? Ndinangoti aone picture, sound ayi."

Nditawauza zimene zikukambidwa ku Chiradzulu, anakhala pansi pa sitepe, dzanja pakamwa. Zaka zambiri za ku Mangalande zinali zitawaiwalitsa chinthu chimene mwana aliyense kumudzi amadziwa. Ankaopa nyimbo yolakwika, osakumbukira kuti kusowa nyimbo n'koipa kuposa. Ndinawakwiyira kwambiri, koma sindinathe kuwalalatira, chifukwa anali akulira kale.

Tinayesa kukonza. Ndinajambula uthenga wautali, mayi Tembo anajambula wawo, abusa nawonso. Yankho linabwera kudzera kwa akazi a a Wilisoni, lalifupi: nkhani za maliro sizikambidwa pa foni, amene ali ndi mawu abwere.

Tiya anandifunsa tsiku lina tikutsuka mbale.

"Auntie, why won't Uncle answer? Did I do something?"

Ndinamuuza zonse, osabisa. Anaima madzi akutayikira m'sinki. Iye ndi amene ankawasambitsa amayi ake miyezi yomaliza, amene ankawanyowetsa milomo ndi thonje, ndiye amve kuti abale ake akuti anadzipha. Ananena kuti sapitako, anthu amenewo sakuwadziwa ndipo sakuwafuna. Kenaka anakhala pansi pakhitchini pomwepo n'kufunsa motsitsa kuti ngati iwo samufuna, iye ndi wa ndani. Ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse limene ndinakhala m'dziko limenelo.

Nthawi yanga yobwerera inakwana, mawondo atakaniratu masitepe. Ndinamuuza Tiya kuti atenge tchuthi tipitire limodzi. Chifukwa chinalipo: zovala za malemu zimayenera kukaperekedwa kwa abale ake kuti agawane. Tinalongedza chikwama chachikulu, zitenje, majuzi, nsapato, ndi yunifolomu ya mvano titaisita bwino pamwamba. M'ndege monse Tiya sanadye.

Ku Chiradzulu ndinapeza zinthu zitasintha. Ana amene tinkawalipirira sukulu anali ndi ana awo, ndipo ankatiyang'ana ngati alendo a boma. A Wilisoni anali atakalamba kuposa mmene ankaonekera pa foni, diso limodzi litachita ng'ala. Anatipatsa moni wa m'manja, wouma. Tiya anagwada monga ndinamuphunzitsira, iwo anangogwedeza mutu. Anatiyalira mphasa panja, azimayi mbali iyi, azibambo mbali iyo, ndipo anthu oyandikana nawo anayamba kubwera mmodzimmodzi n'kumaima chapatali. Mphwawo wina wa a Wilisoni atagwira chikwama kuti alowetse m'nyumba, a Wilisoni anakweza dzanja.

"Chikhale pomwepo."

Chinakhala pakati pa bwalo, padzuwa, nkhuku zikuchizungulira.

"Mayi," anatero atandiyang'ana ndi diso labwinolo, "ndinakutumani kukhala makutu athu. Makutuwo anagontha?"

Ndinafotokoza kuyambira pachiyambi, za matenda, za netiweki, za nyimbo zimene amayi anayimba, za mayi Tembo ndi chala chawo. Anamvetsera osandidula.

"Mukuti potuluka nyimbo inalipo."

"Inalipo, bambo."

"Ndiye munthu angatseke bwanji makutu athu pa nyimbo ya Mulungu? Inali nambala chani m'buku?"

"Si ya m'buku."

Kunamveka kung'ung'udza kumbali ya azimayi.  Ndinamukodola Tiya, ndipo iye anatulutsa foni ya amayi ake, naiyika pa mphasa. Gitala inanong'ona, anyamata aja analowa. Pabwalo la fumbi, masana dzuwa likuswa mtengo, nyimboyo inamveka yaing'ono ndiponso yachilendo, koma kukoma kwake kunali komweko. 

"Akuti chiyani?" anafunsa a Wilisoni.

Apa ndi pamene ndinayesedwa. Chingerezi cha anyamata aja palibe pabwalopo akanachitola. Ndikanangoti akuyimba za kuwoloka madzi kupita kutsidya, aliyense akanati amen, chikwama n'kulowa. Bodza lake linali kale pa lilime. Koma Tiya ankandiyang'ana, ndipo Chichewa amamva. Ndinaona kuti ndikamulowetsa pakhomopo ndi bodza, adzakhala akulisenza moyo wake wonse.

"Mnyamata waona mtsikana m'mbali mwa nyanja, ndiye akumuuza kuti amamukonda. Basi."

Mayi wina anatsonya. Wina anati kalanga ine. A Wilisoni anaweramitsa mutu.

"Ndiye mlongo wanga, mayi wa mvano, munamutulutsa m'nyumba ya Mulungu ndi nyimbo ya chibwenzi."

"Anasankha yekha, bambo."

Pamenepo Tiya analankhula, osapempha chilolezo, m'Chichewa chimene palibe anamukonzera.

"Malume. Amayi anadwala. Sanadziphe. Ine ndinali pamenepo, ndinagwira dzanja. Anati, ika nyimbo yanga. Ine ndinaika. Ngati ndi kulakwa, ndi ine."

 A Wilisoni anamuyang'ana nthawi yaitali, koyamba chifikireni chathu. 

"Bwerezani," anatero.

Tiya anabwereza nyimboyo. Ulendo uno mkuluyo anatseka maso, ndipo ndinaona chala chawo chikugunda pa bondo mosafuna. Itatha anapukusa mutu.

"Nyimbo iyi sindikuivomereza, ndipo sindidzaivomereza. Koma mwano uwu ndauzindikira. Mlongo wanga ali mtsikana anandiyambitsira nyimbo ya pa wailesi pakati pa pulakatisi ya kwaya, abusa ali pakhomo. Ndinamuthamangitsa m'kwaya, mawa lake anabwera n'kukhala kutsogolo." Anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. "Uyu ndi Esinati. Palibe wina akanachita zimenezi."

Anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Pambuyo pake ndinadzamva kuti miyezi yonseyo pakhomopo panalibe amene analira poyera, chifukwa cha manyazi a imfa imene ankaiganizira. Akazi awo anayamba kulira, azimayi ena analandira, ndipo bwalo lonse linasanduka maliro ngati uthenga wangofika kumene.

Patapita nthawi a Wilisoni anaimirira, napukuta m'maso, natembenukira kwa azimayi.

"Ife sitinamuyimbire. Yambitsani. Katundu wa mlongo wanga salowa m'nyumba muno chete."

Mayi wina wokalamba anayambitsa nyimbo yoperekezera maliro, enawo analowa m'magawo awo, azibambo anagwira mawu apansi. A Wilisoni anapita pakati pa bwalo n'kugwira chikwama mbali imodzi. Anyamata anathamanga kuti awathandize, koma anawakaniza.

"Mbumba yanga," anaitana, "bwera ugwire uku."

Tiya anandiyang'ana kuti atsimikize ngati akunena iye. Ndinamukankha pamsana. Ananyamula awiriwo, nkhalamba ndi mtsikana, akuyenda pang'onopang'ono motsatira nyimbo, anthu onse ali pambuyo pawo. Ine mawondo anandikanika kudzuka pamphasa, ndiye ndinayimba nditakhala. Atafika pakhomo a Wilisoni anaima, napatuka pang'ono, kuti ayambe kulowa ndi Tiya.